Chakudza sichiimba ng'oma, koma laputopu iyenera kuimba

Laputopu iliyonse imene tigwiritsa nchito masiku ano ili ndi magiya monga motoka. Ikakhala pa malaiti imathamanga, ikatsala pa batire imachepetsako liwiro, ndipo batire ikayandikira kutha imachita kukwawa. Zimenezi sizoipa, pakuti popanda nzeru imeneyi makina athu akanamazima msanga kwambiri. Chimene tidandaula nacho ndi chakuti kusintha giyaku kumachitika mwakachetechete. Mwini laputopu sauzidwa momveka, ndipo ma app ambiri amene ali pa nchito nthawi imeneyo amapitiriza ngati palibe chasintha. Ife maganizo athu ndi awa: makina akasintha mphamvu, ayenera kuuza ma app nthawi yomweyo, ma app ayenera kumva ndi kusintha kachitidwe kawo, ndipo ngati nchito ya munthu ingaonongeke, munthuyo auzidwe m'mau osavuta.

Mwina wina anganene kuti iyi ndi nkhani ya akatswiri a ku Ulaya ndi ku America. Koma palibe amene ikumukhudza kuposa ife kuno. Pa 29 February 2024 President Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Mu March chaka chomwecho ZESCO inayamba load shedding ya maola 8 pa tsiku, ndipo pofika kumapeto kwa chaka madera ambiri anali kukhala maola oposa 17 opanda malaiti. Zambia imadalira madzi pa gawo loposa 80 peresenti ya malaiti ake, ndipo pa Kariba North Bank, pamene pali makina 6 otha kutulutsa ma megawatt 1,080, panafika nthawi yoti makina amodzi chabe ndiwo anali kuzungulira. M'maiko amene malaiti sapita, laputopu imakhala pa batire mwa apo ndi apo, mwina m'sitima kapena m'ndege. Kwa ife, kaya ku Chadiza, ku Chipata kapena ku Kanyama, batire ndiye moyo wa tsiku ndi tsiku. Laputopu imodzi ingasinthe giya kangapo kuchokera m'mawa kufika madzulo.

Mmene zimationongera nchito

Ife amene timathandiza pa wailesi ya m'dera timaziona pojambula mau. Kompyuta ikamajambula, nthawi zambiri imalandira tizidutswa ta mau 44,100 pa sekondi iliyonse. Tizidutswa timeneti timayamba taunjikana m'kankhokwe kakang'ono, ndipo purosesa iyenera kubwera kudzatitapa kankhokweko kasanadzaze. Purosesa ikachedwa pang'ono chabe, tina timatayika, ndipo womvera amamva mau akuthetheka kapena akudumpha. Tsono malaiti akapita pakati pa kujambula, laputopu siizima, chithunzi chimangoda pang'ono, aliyense amapitiriza kulankhula. Koma pansi purosesa yachepetsedwa liwiro, ndipo app yojambulira ikali kuchita zonse zimene inali kuchita poyamba. Kuonongeka kumadzamveka pambuyo, mlendo atapita kale.

Ganizirani kuti mlendoyo ndi mlangizi wa zaulimi amene wabwera kudzafotokoza za mbeu yocha msanga, kapena gogo amene wachokera kwa Mlolo kapena kwa Zingalume pa njinga kudzasimba mbiri ya mudzi wake. Simungamuuze kuti abwerenso mawa. Ndipo si a wailesi okha. Wophunzira amene akulemba mayeso a pa intaneti, mnyamata amene akupanga bit ya nyimbo m'kachipinda kake ku Chawama, mtsikana amene akukonza vidiyo ya ukwati wa kasitomala, onsewa amadziwa mmene zimapwetekera makina akayamba kukoka miyendo popanda chifukwa chooneka. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi virus, ena amalipira ndalama kuti awaikirenso Windows, pamene laputopuyo inangolowa m'giya yosunga batire.

App imene yauzidwa ili ndi zambiri zimene ingachite. Yojambulira mau ingakulitse kankhokwe kaja kuti purosesa ikhale ndi mpata, ingasunge msanga zimene zajambulidwa kale, ndiponso ingaimitse zokongoletsa zosafunika. Yotumiza mafayilo ku intaneti ingadikire mpaka malaiti abwere. Yokonza vidiyo ingafunse kuti, kodi tiyambe tsopano kapena tidikire, pakuti nchito iyi itenga nthawi yaitali pa giya ino? Palibe chovuta pa zonsezi. Chofunika choyamba ndi uthenga.

Ndani amasintha giya?

Kuti timvetse chifukwa chake uthenga umasowa, tiyenera kudziwa kuti woyendetsa si mmodzi. Woyamba ndi munthu mwini, akasankha pa Settings kapena akadina mabatani. Pa ma ThinkPad ambiri atsopano a Lenovo, kudina Fn pamodzi ndi L kumaika makina pa mphamvu yochepa, Fn ndi M pakatikati, Fn ndi H pa liwiro lonse. Wachiwiri ndi Windows kapena Linux, imene imasintha yokha chaja ikazulidwa kapena batire ikatsika. Pa Windows 10, Battery saver imadziyatsa yokha batire ikafika pa 20 peresenti ngati simunasinthe. Wachitatu ndi firmware, kapulogalamu kobisika kamene kali m'kati mwa bodi ya laputopu, kamene kamabweza moto makina akatentha. M'mwezi wa October kuno kum'mawa, m'chipinda cha malata, zimenezi zimachitika kawirikawiri. Ma laputopu ena amazindikiranso kuti mwawaika pa miyendo, ndipo amachepetsa mphamvu kuti asakuotcheni. Wachinai ndi chaja: ma laputopu ambiri akaona kuti chaja ndi yofooka kapena sakuizindikira, amadzichepetsa liwiro ngakhale ali pa soketi. Ndi kuchuluka kwa machaja ogula pa msika, ambiri a ife timayenda pa giya yotsika chaka chonse osadziwa.

Oyendetsa anai pa chiongolero chimodzi, ndiye kuti pafunika wina wolengeza. App ingadziwe za kusinthaku m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kufunsa pafupipafupi, monga mwana amene amabwera kukhichini mphindi iliyonse kuti, amama nsima yapsa? Njira imeneyi imagwira, koma ndi yoononga. Nthawi iliyonse imene app yafunsa, purosesa imadzutsidwa ku tulo, ndipo purosesa imasunga batire pogona. Ndiye kuti app yofuna kudziwa ngati tikusunga batire ikudya batire yomweyo pofunsa. Ikati izifunsa patalipatali, imamva mochedwa. Njira yachiwiri ndi kulembetsa dzina n'kukhala chete, kuti chinthu chikasintha uitanidwe. Iyi ndiyo njira ya belu la kusukulu, ndiponso ndiyo nchito yathu pa wailesi: anthu sayenda nyumba ndi nyumba kufunsa ngati kuli maliro kapena msonkhano wa kopaletivu, amatsegula wailesi ndipo uthenga umawapeza.

Zipangizo zilipo kale

Chosangalatsa ndi chakuti belu limeneli linapangidwa kale. Pa Linux, kuyambira kernel 5.12 imene inatuluka mu April 2021, pali kafayilo kotchedwa platform_profile kamene kamaonetsa giya imene makina alimo, ndi maina monga low-power, balanced ndi performance. Mark Pearson wa ku Lenovo ndi Hans de Goede amene anali ku Red Hat ndi ena mwa amene anagwira nchitoyi. Anaikamo njira yoti munthu akasintha giya ndi mabatani a pa kiyibodi, kernel iziitana pulogalamu iliyonse imene ikudikira pa kafayiloko. Pamwamba pake pali power-profiles-daemon, imene anayamba Bastien Nocera, yomwe imafalitsa uthengawo kwa ma app onse, ndipo imathanso kunena chifukwa chake liwiro labwezedwa, kaya ndi kutentha kapena laputopu ili pa miyendo. GNOME 41, ya mu September 2021, inaika magiyawa pa menyu poonekera.

Enanso ali nazo. Windows ili ndi njira yoti app ilembetse kuti iziuzidwa chaja ikazulidwa, Battery saver ikayaka, kapena power mode ikasintha. Android, kuyambira pa 5.0 mu 2014, imalengeza kwa ma app foni ikalowa mu Battery Saver. Apple inabweretsa Low Power Mode pa iPhone ndi iOS 9 mu 2015, kenako pa ma MacBook ndi macOS Monterey mu 2021, pamodzi ndi uthenga wopita kwa ma app. Chrome nayo inaonjezera Energy Saver, imene imachepetsa zochitika za kumbuyo batire ikatsika. Choncho belu likulira. Chosowa ndi makutu. Olemba ma app ambiri amakhala kumene soketi siinama, amayesa nchito yawo pa makina amphamvu amene ali pa malaiti usana ndi usiku, ndipo saona chifukwa chotayira tsiku limodzi kulemba mizere yomvera uthenga umenewu.

Kubisa kuli ndi mtengo wake

Amene akuganiza kuti kukhala chete si mlandu akumbukire zimene zinachitikira Apple. Mu December 2017 kampaniyi inavomera kuti inali kuchepetsa liwiro la ma iPhone ena amene mabatire ao anakalamba, pofuna kuti asamazime mwadzidzidzi. Chifukwacho chinali chomveka ndithu: batire yokalamba siitha kupereka moto wambiri nthawi imodzi. Chimene chinakwiyitsa anthu ndi chakuti sanauzidwe. Munthu woona foni yake ikuchedwa akanaganiza zogula ina, pamene kusintha batire chabe kukanakwanira. Apple inapepesa, inatsitsa mtengo wosinthira batire ku America kuchoka pa madola 79 kufika pa 29, ndipo mu iOS 11.3 ya mu 2018 inaika poonera thanzi la batire ndi pozimitsira kuchepetsa liwiroko. Mu February 2020 dziko la France linailipiritsa ma euro 25 miliyoni kamba kosauza ogula, ndipo chaka chomwecho ku America inavomera kulipira ndalama zofika mpaka madola 500 miliyoni pothetsa mlandu wa ogula.

Phunziro lake ndi lakuti anthu sakana kuti makina adziteteze. Chimene amakana ndi kusankhiridwa mobisa. Kwathu kuno ngakhale mbale wako weniweni salowa m'nyumba popanda odi, ngakhale wabwera ndi zabwino. Ndipo ngati wa ku Paris amene angathe kugula foni ina anaona kuti walakwiridwa, nanga ife amene laputopu ya salaula ndiyo ofesi, situdiyo ndi sukulu yathu?

Zimene otsutsa amanena

Pali zifukwa ziwiri zotsutsa zimene tiyenera kuzimva bwino. Choyamba ndi phokoso. Mafoni athu adzaza kale ndi mauthenga a ma bundle, a kubetcha ndi a magulu a WhatsApp, ndiye wina anganene kuti sitifunanso laputopu yolira nthawi iliyonse malaiti akaphethira. Tivomereza. Koma uthenga wopita kwa app ndi wosiyana ndi uthenga wopita kwa munthu. Woyambawo suoneka ndi maso, ndi makina kuuzana okhaokha, ndipo ukagwira bwino nchito umachepetsa zosokoneza, pakuti app imadzikonza yokha. Munthu ayenera kuitanidwa pokhapo pamene pali chosankha chimene ndi chake: kujambula kuli pakati ndipo mau angaonongeke, kapena nchito ya mphindi khumi isanduka ya ola. Zina zonse kachizindikiro kakang'ono pakona n'kokwanira, bola kazinena zoona.

Chachiwiri ndi chinsinsi, ndipo ichi n'cholemera. Mawebusaiti ali ndi njira yofunsira ma browser ena kuti batire yatsala zingati ndiponso itha nthawi yanji. Ofufuza anaonetsa kuti manambala amenewa angathandize kuzindikira munthu pamene akuchoka pa webusaiti ina kupita pa ina, ndipo mu 2017 Firefox 52 inatseka njirayo kwa mawebusaiti. Mu 2016 Keith Chen, amene anali katswiri wa zachuma ku Uber, ananena pa wailesi ya NPR kuti anthu amene batire yawo ili pafupi kutha amavomera msanga mtengo wokwera, ngakhale anati kampaniyo siigwiritsa nchito zimenezo poika mitengo. Aliyense amene anakhalapo pa siteshoni usiku foni ili pa 3 peresenti adziwa kuti munthu wotero sakambirana mtengo. Choncho n'zoona kuti uthenga wa batire ungasanduke chida chotidyera. Yankho lake si kutseka pakamwa makina, koma kuyeza zimene anena. App siifunika kudziwa kuti mwatsala ndi 7 peresenti. Ifunika kudziwa chabe kuti tsopano tili pa giya yosunga moto. Mau atatu, yotsika, yapakati, yothamanga, ndi okwanira kuti app idzichepetse, koma ndi ochepa kwambiri kuti wina akuzindikireni nawo.

Soketi ya kuno imanama

Pali mbali ina imene opanga makina sanaiganizire bwino, ndipo ife ndife oyenera kuinena. Laputopu imadziwa zinthu ziwiri chabe: ndili pa chaja, kapena ndili pa batire. Ikaona chaja imaganiza kuti moto ndi wosatha. Koma m'nyumba zambiri, m'mashopu ndi m'mawailesi ang'onoang'ono, kuseri kwa soketi kuli inverter ndi batire ya sola imene iyeneranso kuyatsa mababu, kuchaja mafoni ndi kuyendetsa mixer mpaka usiku. Laputopu ikalumikizidwa pamenepo imalowa giya yothamanga, imawalitsa sikirini, imayamba kuchaja batire yake ndi kukoka ma update, ndipo imamwa moto umene tinasungira nkhani za madzulo. Ikuchita zoyenera malinga ndi zimene ikudziwa, koma zimene ikudziwazo n'zabodza.

Pa nkhani ya intaneti vuto lofanana nalo linathetsedwa. Windows ili ndi metered connection, pamene umauza makina kuti intaneti iyi ndi ya bundle, usamakoke zinthu mwachisawawa, ndipo ma app aulemu amamvera. Tifunika chimodzimodzi pa moto: njira yosavuta youzira laputopu kuti soketi iyi ndi ya sola, khala ngati uli pa batire. Pakali pano tingachite zimenezi ndi manja posankha giya yotsika ngakhale chaja ili m'kati. Koma apa mpamene nkhani ya uthenga imaonekera kukula kwake. App imene imangoyang'ana ngati chaja ilimo idzapitiriza kudya moto. App imene imamvera giya imene munthu wasankha ndiyo idzatithandiza. Uthenga uyenera kuyenda mbali zonse ziwiri, makina kuuza ife, ifenso kuuza makina.

Tichitepo chiyani?

Kwa anzathu amene mukuphunzira kulemba ma app ku UNZA, ku CBU, kapena amene mumakumana ku BongoHive mu Lusaka, pempho lathu ndi ili: musatengere chizolowezi cha olemba a kumene malaiti sapita. Yesani app yanu chaja itazulidwa, pa laputopu yakale, masana a October. Lembetsani ku uthenga wa kusintha kwa mphamvu m'malo mofunsa mphindi iliyonse. Uthenga ukafika, sungani nchito ya munthu choyamba, zina pambuyo. Pa chinthu ichi muli patsogolo pa wolemba wa ku California, chifukwa inu vutoli mumagona nalo. Ndipo popeza Linux ndi ma app ake ambiri ndi otseguka kwa aliyense, palibe chokuletsani kulemba lipoti kapena kutumiza chigamba chanu. Nkhani ya soketi ya sola siidzakonzedwa ndi munthu amene sanaonepo inverter ikulira usiku.

Kwa amene amagulira masukulu, makiliniki, mabungwe ndi mawailesi makompyuta, musafunse kukula kwa RAM chabe. Funsani kuti makinawa amachita bwanji pa batire, ndiponso ngati chaja yake ndi yeniyeni ya mphamvu yoyenera.

Kwa tonsefe ogwiritsa nchito, pali tinthu tochepa timene tingayambe lero. Pa Windows 11 pitani ku Settings, System, Power & battery, muone Power mode imene mulimo; pa Windows 10 dinani kachizindikiro ka batire pakona. Pa Linux lembani powerprofilesctl get ndipo idzakuuzani giya. Musanayambe nchito yosabwerezeka monga kujambula mau kapena mayeso, sankhani giya nokha, tsekani ma tab osafunika, ndipo ikani laputopu pa thebulo osati pa bedi kapena pa miyendo, kuti ipume. Pogula laputopu ya salaula, tsegulani Command Prompt, lembani powercfg /batteryreport, ndipo muyerekeze design capacity ndi full charge capacity. Nambala yachiwiriyo ikakhala theka la yoyamba, dziwani kuti mukugula makina amene batire yake izitha msanga, ndipo mtengo utsike. Laputopu ikayamba kuchedwa, yang'anani giya, kutentha ndi chaja musanapereke ndalama kwa wokonza.

Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo pa chilala cha 2024 tinaona kuti sananame. Koma kusintha kwa giya m'laputopu si tsoka logwa kumwamba. Makina amadziwa sekondi yeniyeni imene asintha, amadziwa chifukwa chake, ndipo njira youzira ma app ilipo pa Windows, pa Linux ndi pa Mac. Chatsala ndi chakuti olemba ma app aimvere, ndipo ife ogula tiyambe kuifunsa. Mvula ikagwa bwino ndipo Kariba ikadzaza, nkhaniyi siidzatha, pakuti midzi yambiri ya m'boma lathu idzakhalabe pa sola kwa zaka zikubwerazi, ndipo ana amene akuphunzira kompyuta kumeneko adzafuna makina onena zoona za moto umene ali nawo.